Kamkuwa Kamene Clive Anathawa Nako

London
Juni 2014

Okondedwa Bambo,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu. Chifuwa chija chikukulolani kugona? Azakhali a Winnie anandiuza pa foni kuti kampope kopumira kamene adokotala anakupatsani mumakasiya m'khola la nkhunda, ngati kuti nkhundazo ndizo zikubanika. Musawakalipire chifukwa chondiuza, ndinachita kuwapanikiza. Fumbi la malasha limene munameza zaka zonse zija silituluka ndi makani, Bambo. Muziyenda nako kampopeko m'thumba.

Ife kuno tili bwino, kungoti maondo anga ayamba kudandaula ndikamakwera masitepe. Mkamwini wanu Errol akadali ku galaja ya mabasi, amabwera madzulo akununkha oyilo, n'kumandiuza kuti chaka chino ndiye chomaliza. Mawu amenewa ndinayamba kuwamva tsitsi lake lisanachite imvi. Mdzukulu wanu Naomi wamaliza mayeso ake a unamwino ndipo akudikira zotsatira. Masiku ano aliyense akangoyetsemula m'nyumba muno amamugwira pamkono n'kuyamba kuwerenga kugunda kwa mtima, moti tikuchita kuyetsemulira kubafa.

Nyumba ndiye ikutivuta ndi chinyezi. Khoma la kuchipinda lamera nkhungu, ndipo mwini nyumba akuti vuto ndi ifeyo, timapuma kwambiri mazenera ali otseka. Komanso kwabwera nkhandwe imene imagwetsa bini yathu n'kumwaza mafupa a nkhuku pakhomo ponse. Errol anaika njerwa pachivundikiro, m'mawa mwake tinapeza njerwayo ili pansi, nkhandweyo ili khale pa mpanda ikutiyang'ana.

Kuntchito zinthu zaipiraipira. Kampani imene imatituma kukasamalira okalamba m'nyumba zawo yatichepetseranso nthawi. Umalowa, kumusambitsa munthu, kumuveka, kumumwetsa mankhwala, kumuikira tiyi patsogolo, basi foni yalira kale kuti wachedwa kwina. Nthawi zina ndimatuluka ndikudziwa kuti tiyiyo sangathe kumunyamula yekha. Zimandipweteka, Bambo, ndipo ndikafika kunyumba ndimalongolola mpaka aliyense amathawa pa tebulo. Amene sathawa ndi mmodzi yekha, ndipo ndi za iyeyo zimene ndalembera kalatayi.

Musaipinde. Ndikukudziwani, mukangoona dzina la mwana wanu Clive mumapinda pepala n'kulilowetsa kuseri kwa wotchi. Lero werengani mpaka pansi, kenako mukafuna mukayatsire moto.

Inu ndi ine sitinakambiranepo za m'mawa uja, ngakhale tonse tinali m'nyumba. Dzulo lake munali mutamuuza kuti mwamupezera malo kumgodi, iye n'kuyankha kuti sadzalowa m'dzenje limene linadya agogo ake. Kutacha tinapeza bedi lake lili pululu, gitala palibe, ndipo pa msomali wa pamwamba pa moto panalibe kamkuwa, kachitsulo ka nambala ya kumgodi ka malemu agogo a Jos. Kamkuwa kamene anawazindikira nako bambo anu denga la mgodi litawagwera, kamene munkakapukuta Lamlungu lililonse mpaka nambala yake 417 inkawala. Kenaka kunabwera chithunzi chija cha m'nyuzipepala chimene wina anakachikhoma kukalabu ya a m'migodi kuti anzanu akusekeni: Clive lilime lili panja, tsitsi lobiriwira, kamkuwako kakulendewera m'khosi pa unyolo wogujumulira madzi m'chimbudzi. Tsiku limenelo munauza Amayi kuti mulibe mwana wamwamuna kunja kuno, wanu analowa pansi ndipo sanatuluke. Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Lero wadutsa makumi asanu, ndipo pa maliro a Amayi munamuyang'ana m'khosi, osati kumaso.

Sindikuti analondola. Anakuberani chinthu chimene sichinali chake, ndipo ndinamuuzapo kangapo konse. Nyimbo zawo za panki zija nanenso sindinazikonde, mpaka lero sindizikonda. Anyamata anayi osadziwa ndi kugwira komwe gitala, tsitsi loimika ndi sopo, zovala zong'amba dala n'kulumikiza ndi mapini a matewera. Iye ankadzitcha Dzimbiri, gulu lawo n'kumati Zinyalala za Boma. Nditangofika kuno ndinapita kukawaonera kamodzi, ndipo anthu ankawalavulira malovu, ati ndiko kuyamikira kwake. Ndinabwerako makutu akulira, khoti langa ndinakalitaya. Anzake amati ankaimba za kusowa kwa ntchito ndi nkhanza za apolisi, koma ine ndinkangomva ngati kabati ya mbale yagubuduka pa masitepe.

Chimodzi chokha ndiwayamikire Azinyalalawo. Nthawi ya sitalaka yaikulu ija anazungulira dziko lonse akuimbira mabanja a m'migodi, ndipo galimoto ya zitini ndi nkhuku imene inafika kwathu ku Thornhope pa Khirisimasi inachokera kwa iwo. Mukudziwa zimenezi, ngakhale simunavomerepo. Nkhukuyo munadya, ndinakuonani.

Gululo litatha kunabwera zaka zoipa. Sindikubisirani, mowa unatsala pang'ono kumutenga, ndipo kangapo Errol anakamutola m'malo oti sindingawalembe pano. Kenaka anasiya. Anapeza ntchito yonyamula katundu wa anthu osamuka, n'kumakhala m'kachipinda kamodzi pamwamba pa shopu yochapira zovala. M'menemo ndi mmene anayambira kupeka nyimbo yekha, popanda ng'oma, popanda Dzimbiri. Pa zimbale zake zitatu zimene watulutsa analembapo dzina limene munamupatsa inu, Clive Teasdale, ndipo palibe amene anamukakamiza.

Bambo, mwana wanu amaimba. Ndikunena ine Hazel, amene sindiyamikira munthu wamba. Mawu ake anasasa chifukwa cha kukuwa kuja, koma tsopano liwu lililonse limamveka mpaka kumbuyo. Mkwiyo ndi womwe uja, sunapite kulikonse, kungoti kale ankakwiyira dziko lonse nthawi imodzi, pamene lero amatenga munthu mmodzi n'kukuonetsa nsapato zake ndi zimene wadya m'mawa. Ali ndi nyimbo ya mayi amene akumusamutsa m'nyumba imene anabereka ana ake onse, akuchotsa makatani pamene anyamata akudikira ndi lole panja. Clive anali mmodzi wa anyamatawo, ndipo m'nyimbomo sadzibisa. Ali ndi ina ya bambo woyima pamzere wolandira chakudya chaulere atavala tayi, kuti anthu aziyesa kuti wabwera kudzathandiza. Salalikira, sauza munthu chipani choti avotere. Amangokusiya utakhala pamenepo ndi bambo wa tayiyo, ndipo ukatuluka sumuiwala.

Ndiye pali nyimbo yanga. Paja ndati ndikamalongolola za kuntchito iye yekha ndi amene sathawa pa tebulo. Ndinkayesa ndi chikondi cha pa mlongo wake, kapena cha pa nkhuku yanga yowotcha. Tsiku lina mnzanga wa kuntchito, Mayi Adjei, anandiimbira foni kuti nditsegule wailesi msanga. Ndinamva Clive wathu akuimba za mayi wosamalira okalamba amene akuthamanga nyumba ndi nyumba. Dzina lake ndi "Tiyi Wazizira," ndipo pena pake imati:

Ndawasambitsa, ndawaveka, ndatseka chitseko,
koma bambo wa pa chithunzi chija sindinafunse kuti ndani.

Amenewo ndi mawu anga enieni, Bambo, ndinawanena ndikusenda mbatata. Atabwera Lamlungu lotsatira ndinamulandira ndi chipande m'manja, n'kumuuza kuti wakuba sasiya, anayamba ndi kamkuwa, tsopano akuba zolankhula za anthu m'khitchini. Iye anangoseka n'kunena kuti, "Achemwali, inu mumadandaula bwino kuposa mmene ine ndimapekera. Ine ndangoikamo nsambo." Nkhuku ndinamupatsabe. Azimayi a kuntchito tsopano amaiimba tikamadikira basi, ndipo pa msonkhano wathu ndi mabwana tinaiimba tonse titaimirira. Nthawi sanatiwonjezere, koma bwana wamkuluyo anasowa poyang'ana.

Lamlungu lapitali masana Clive anaimba ku laibulale ya dera lathu, imene akufuna kuitseka. Mukanaona anthu ake! Apanki akale aja anabwera, koma tsopano ndi a dazi ndi mimba, majekete achikopa osatsekeka, ena atanyamula zidzukulu paphewa. Pambali pawo panali azimayi ochokera kutchalitchi ndi zipewa zawo, madalaivala a basi, okolopa m'maofesi, ndi ana asukulu amene amadzawerengera pamenepo chifukwa kwawo kulibe pokhala. Kumbuyo ankagulitsa tiyi ndi makeke. Palibe analavula. Errol anandinong'oneza kuti sangayerekeze, mano ambiri m'chipindamo ndi oikirira, akhoza kuulukira limodzi ndi malovuwo.

Clive anakhala pa mpando wamba pakati pa mashelefu a mabuku, atavala malaya oyera amene ndinamusitira ine. Anaimba kwa nthawi ndithu, anthu akuseka pena, pena ali zii. Mnyamata wina wa kumbuyo anakuwa kuti aimbeko ya Azinyalala, iye n'kuyankha kuti angaimbe, koma adokotala anamuletsa kudumpha, ndipo nyimbozo ukaziimba utakhala pansi zimaoneka kuti zilibe mawu.

Asanaimbe yomaliza anaika dzanja pa nsambo n'kuyamba kuwafotokozera anthu a ku London zimene inu mukuzidziwa kuposa wina aliyense. Anawauza kuti kwathu munthu aliyense wa mumgodi ankakhala ndi tizitsulo tiwiri ta nambala yake. Kamodzi ankasiyira munthu wa pa chikepe chotsitsira anthu mumgodi polowa, n'kukakoleka pa msomali. Kamkuwa ankapita nako pansi m'thumba, ndipo potuluka ankakapereka m'manja mwa munthu yemwe uja. Ntchito ikatha, pa msomali pakapezeka kamodzi kopanda kanzake, palibe ankapita kwawo, chifukwa ndiye kuti wina akadali pansi. Anawauzanso kuti kupereka kamkuwa ka mnzako unali mlandu wochotsetsa ntchito, aliyense ankapereka kake ndi dzanja lake. Kenaka anati, "Migodi anatseka, koma anthu akulowabe pansi tsiku ndi tsiku. Chimene chinasowa ndi munthu wowerenga."

Nyimboyo dzina lake ndi "Ndani Sanatuluke?" Imayamba ndi agogo a Jos, kuwatchula dzina ndi nambala yawo. Kenaka imapita kwa nkhalamba imene inapezeka itazizira m'nyumba yopanda moto, kwa mnyamata wopereka zakudya pa njinga amene anagundidwa pa mphambano, kwa mayi amene anamira panyanja akubwera kuno ndi mwana kumsana. Pakati paliponse imabwerera pamodzimodzi:

Werenganinso, akapitao, werenganinso,
pa msomali patsala kamodzi.

Atafika kumapeto sanasiye kuliza gitala. Anati aliyense amene ali ndi munthu wake amene sanatuluke amutchule. Woyamba anali Mayi Adjei. Anatchula gogo wina amene ankamusamalira, amene anamwalira yekha pakati pa ulendo wa m'mawa ndi wa madzulo. Dalaivala wina anatchula mkazi wake. Errol, amene salankhula pagulu ngakhale pa ukwati, anatchula mng'ono wake. Mayina anayenda chipinda chonse, a Chingelezi, a ku Ghana, a ku Poland, a ku Somalia, ndipo Clive ankabwereza lililonse mosaphonya. Apanki a dazi aja ankapukuta maso ndi manja a majekete. Ine ndinanyada, Bambo. Ndinanyada mpaka ndinkafuna kuimirira n'kuuza aliyense kuti ameneyo ndinamusintha matewera ndine.

Ndi pamenepo pamene dzuwa la pa zenera linagunda dzanja lake lamanja, ndipo ndinaona chinthu chachikasu chikung'anima pakati pa zala. Oimba gitala amalizira nsambo ndi kapulasitiki. Chimenecho sichinali pulasitiki.

Anthu atayamba kutuluka ndinamukokera m'kakhitchini ka kuseri, kumene amatsukira makapu, n'kumuuza kuti atambasule dzanja. Anayamba kuzengereza ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Atatambasula, kanali komweko, kamkuwa ka agogo. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti anakataya kalekale kapena anakasinthanitsa ndi mowa, ndipo sindinkafunsa poopa yankho. Koma ndikuuzeni zoona musanakaone nokha: sikali mmene munakasiyira. Mbali imodzi yadyeka, yapyapyala ngati mpeni wakale, ndipo 7 uja watsala theka.

Ndinakwiya. Ndinamufunsa ngati mutu wake ukuyenda, kutenga chinthu chimene chinachotsedwa m'thumba la mtembo wa agogo n'kumakandira mawaya. Anandiuza kuti gulu litatha anakavula m'khosi n'kukabisa m'sokosi, chifukwa ankachita manyazi kukayang'ana. M'zaka za mowa anagulitsa chilichonse, ngakhale nsapato, koma sokosiyo sanaikhudze. Tsiku limene anayamba kupeka nyimbo yekha m'kachipinda kaja anasowa cholizira, n'kutenga kamkuwako kuti angoyesa. Akuti gitala inalira mouma, ngati fosholo ikukhudza mwala, ndipo kwa nthawi yoyamba anachita mantha kuimba bodza.

"Ndikakagwira sindingakuwe zopanda pake, achemwali," anatero. "Zimakhala ngati nkhalambayo yakhala pakona ikumvetsera."

Ndinamufunsa chifukwa chake sanabwere nako pa maliro a Amayi. Anati kanali m'thumba la jekete tsiku lonselo. Munali mutaima pakhomo la tchalitchi, anafika pafupi, koma atakakhudza ndi chala n'kumva mbali yodyekayo mtima unamuthawa. Anaganiza kuti kukubwezerani kotere ndi kukuberani kachiwiri.

Ndinamuuza kuti andipatse ine, ndidzabwere nako pa tsiku la mbendera, chikondwerero cha pachaka cha a m'migodi chija, ndidzakakoleke pa msomali mwakachetechete, nkhani ithe. Anatseka dzanja. Anati, "Simunamve zimene ndanena m'katimo? Ka mnzako superekera."

Tsopano nayi nkhani imene mwina yakufikani kale kukalabu. Achinyamata a m'komiti ya mbendera ya mgodi wathu amulembera kuti adzaimbe mu holo ya a m'migodi masana a tsiku la mbendera mwezi wamawa, bandi ya malipenga ikamaliza. Ambiri mwa iwo ndi zidzukulu za anzanu, sanaonepo mkati mwa mgodi, ndipo nyimbo ya agogo a Jos anaiphunzira pa mafoni awo. Clive sanawayankhe. Akuti holo imeneyo ndi yanu, munaimanga ndi anzanu, ndipo sangaimiremo inu musakufuna. Mukakana adzawauza kuti pakhosi pamuvuta, ndipo dzina lanu silidzatchulidwa. Mukalola, adzaimba nyimboyo ndi kamkuwako komaliza, kenaka adzatsika n'kudzakapereka m'manja mwanu. Wagula kale tipulasitiki, ndipo akudandaula kuti gitala ikulira ngati ya kusukulu ya mkaka.

Ndaganiza kwambiri za mbali yodyekayo, Bambo, chifukwa ndikudziwa kuti ndi imene idzakupwetekeni. Inu munakasunga bwino, palibe angatsutse. Koma munandiphunzitsa nokha kuti kamkuwa kowala kwambiri ndi ka munthu wokonda kujomba. Ka agogo sikanajombe. Kalowa m'malaibulale, m'maholo a matchalitchi, pa zipata za mafakitale pamene anthu akunyanyala ntchito, m'nyumba zosungira okalamba. Dzina la Jos Teasdale, limene kwathu latsala pa mwala wa kumanda ndi m'mutu mwanu, ndalimva likutchulidwa ndi anthu amene sadziwa ndi komwe kuli Thornhope. Mwana amene anakana kulowa mumgodi ndi amene akuwerenga anthu a pansi lero. Munkafuna kuti adzagwire ntchito ya amuna a banja lathu, ndipo ine ndikuona kuti akuigwira, kungoti analowera khomo lina.

Sindikunena kuti wasanduka mngelo. Amachedwabe paliponse, ngongole ya ulemu ali nayo kwa anthu ambiri, ndipo ndolo ija sanavule. Makani ake ndi anu enieni. Ndatopa kukhala pakati pa amuna awiri ofanana chonchi, wina kumpoto wina kummwera, aliyense akudikira kuti mnzake ayambe. Akuluakulu anati chibale ndi fupa, sichiola, koma anthu ake amaola, Bambo. Muli ndi zaka pafupifupi makumi asanu ndi atatu ndi chifuwa chimenecho. Ine ntchito yanga ndi yolowa m'nyumba za okalamba, ndipo ndaona zithunzi zambiri pa makoma za ana amene ankayembekezeka kubwera chaka chamawa.

Pempho langa ndi limodzi. Sindikukupemphani kuti mulankhule, kapena kuti muimbe nawo, kapena kuti munene kuti nyimbozo ndi zabwino. Ngati simukufuna kuti abwere, uzani azakhali mawu amodzi okha, ayi, ndipo iwo adzandiimbira. Mukakhala chete ndidzadziwa kuti mwalola, ndipo kukhala chete sikungakuvuteni, mwakuchita zaka zambiri. Tikatero tidzakwera sitima Lachisanu, ine ndi Errol ndi Naomi ndi Clive, ndipo iyeyo adzagona kwa azakhali kuti asakupanikizeni. Loweruka mudzavale suti yanu ya mbendera, mudzakhale pamalo panu pa nthawi zonse pafupi ndi chitseko cha holo. Akadzamaliza kuimba n'kubwera kwa inu, mudzatambasule dzanja. Munaima pa chikepe chija zaka zanu zomaliza kumgodi, chifuwa chitakuletsani kupita pansi, ndipo simunabwezepo munthu amene watuluka ndi kamkuwa m'manja, ngakhale amene munkadana naye.

Azakhali anandiuzanso kuti chaka chatha, pamene munkapaka penti pabalaza, munachotsa zithunzi zonse ndi misomali yake n'kumata mabowo, koma msomali wa pamwamba pa moto munauzungulira ndi kaburashi kakang'ono. Sindikufunsani chifukwa chake.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Winnie, muwauze kuti nsalu ya makatani ija ndaipeza ndipo ndidzabwera nayo. Moni kwa amalume a Ralph ndi akazi awo, ndamva kuti mwendo wawo ukupola. Moni kwa msuweni wanga Lynne ndi ana, ndi kwa a Hedley a khomo loyandikana nalo, amene ndikuwathokoza chifukwa chokutengerani mankhwala. Mukapita kumanda Lamlungu muwaikireko Amayi maluwa m'dzina langa. Errol akupereka moni, akuti nkhunda yamawangamawanga ija musaigulitse asanaione. Naomi akuti adzabwera ndi chopimira chake, ndipo kampope kaja akadzakapeza m'khola mudzaona.

Ndinamufunsa Clive ngati ndingakulembereni moni wake. Anakana. Akuti umenewonso adzapereka yekha.

Tsalani bwino, Bambo, ndipo muzivala mpango mukamapita ku nkhunda m'mawa.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale wolongolola,
Hazel